MALOWOLO A KU MANGALANDE

Pali malowolo ena amene makolo athu sadawadziwe. Owalandira si bambo wa mkazi, si malume ake, si agogo ake. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri angagwirane chanza, abusa angadalitse, a DC angadinde chidindo chawo pa kalata ya ukwati, koma ukwatiwo sulowa m'nyumba kufikira malowolo amenewa ataoneka. Owaitanitsa ndi boma la Britain, ndipo pa 11 Epulo 2024 lidaika mtengo wake motere: nzika kapena munthu wokhazikika m'dzikomo amene afuna kuti mkazi wake kapena mwamuna wake wa kunja adzakhale naye, ayenera kuonetsa kuti amalandira £29,000 pa chaka. Pa mtengo wa kubanki wa mwezi umenewo, ndalamayi idali yopitirira K60 miliyoni. Wopereweza azigona yekha.

Ndautsa nkhaniyi chifukwa pano pa sukulu za kunja timazikamba monga m'mene Akhristu aulesi amakambira za kumwamba: aliyense afuna kukafikako, koma palibe afuna kumva za njira yake. Tili m'magulu awiri. Loyamba nla iwo amene mtima udakwera kale ndege, thupi lokha ndilo latsala kudikira digiri. Lachiwiri nla iwo amene akamva kuti wakutiwakuti akuvutika ku Leeds kapena ku Glasgow amangoti, "Nanga akukakamiriranji? Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Abwerere!" Ine ndili nawo mlandu magulu onsewa, koma ndiyamba ndi mwini chipata.

Lamuloli lidabadwa mu Julayi 2012, pamene Theresa May adali nduna ya za m'dziko. Muyeso woyamba udali £18,600, ndipo udakhala pomwepo zaka pafupifupi 12. Mu Disembala 2023 boma la Rishi Sunak lidalengeza kuti liukweza kufika pa £38,700. Anthu atafuula, lidati liukweza pang'onopang'ono, kuyambira pa £29,000. Boma la Labour litalowa mu Julayi 2024 lidaimitsa makwerero otsalawo, ndipo mu Juni 2025 alangizi ake pa za olowa m'dziko adalilangiza kuti lisafike pa £38,700. Taonani bwino, anzanga: mkangano wonsewu udali wa kukula kwa mtengo. Zoti ukwati ungaikidwe pa sikelo ngati fodya wa ku okushoni, maboma onsewo adagwirizana.

Tsono tiwerenge, popeza ambiri a ife timaopa masamu koposa njoka. Mu Epulo 2024 malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo kwa munthu wamkulu adali £11.44 pa ola. Wogwira maola 37.5 pa sabata, chaka chathunthu osajomba, adapeza £22,308. Namwino woyamba kumene ntchito m'zipatala za boma ku England adali pa £28,407 m'chaka cha 2023/24. Ndiye kuti wosambitsa nkhalamba, wokolopa m'chipatala, wolongedza katundu m'sitolo usiku, dziko limamuona wokwana kusenza odwala ake ndi kupereka msonkho, koma wosakwana kudya nsima mbale imodzi ndi mkazi wake. Ngati malipiro alibe, aonetse £88,500 imene yagona m'banki miyezi 6. Ndipo pa pempho loyamba, malipiro amene mkaziyo kapena mwamunayo akulandira ali kuno, kaya ndi dokotala kaya ndi mphunzitsi wa pa yunivesite, sawerengedwa konse.

Umenewo ndi muyeso chabe. Ndalama yotuluka m'thumba ili payokha. Pa mitengo ya 2025, kupempha viza yoyamba kudali £1,938, kuphatikizapo msonkho wa chipatala wa £3,105 wolipiriratu. Viza yoyambayo ikatha, kuionjezera kudali £1,321 ndi msonkho winanso wa £2,587.50. Zaka 5 zikakwana, chilolezo chokhazikika chidali £3,029. Zonse pamodzi, pafupifupi £12,000 pa mutu umodzi, tisanawerenge ana, ndege, loya, mayeso a Chingerezi ndi kuunikidwa chifuwa cha TB. Pamwamba pa izi, banja liyenera kutsimikiza kuti chikondi chake nchenicheni: zithunzi za pa chinkhoswe, mauthenga a pa foni, matikiti a maulendo, zonse zitumizidwe kwa kalaliki amene sadakuonenipo ndi kale lonse, kuti iye aweruze ngati mumakondana. Akulu adati awiri ndi awiri, wachitatu ndi kapasule. Kapasule wa masiku ano ali ndi ofesi ndi chidindo.

Ndikudziwa yankho la oikira kumbuyo lamuloli, ndipo ena mwa iwo ndimadya nawo m'kafeteriya muno. Amati dziko nla eni ake, ndipo eni ake ali ndi ufulu woteteza nkhokwe yawo kuti alendo asadye zimene sadalime. Zoti dziko nlawo sindikana. Koma nkhokweyo idatsekedwa kale ndi loko wina: wolowa pa viza ya ukwati saloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma pa zaka zoyeserazo, ndipo chipatala amalipiriratu asanadwale. Nanga loko wachiwiriyu akutchinga chiyani? Komanso wolangidwa woyamba si mlendo ayi. Ndi nzika yeniyeni, kaya yobadwira ku Sunderland kaya yobadwira ku Ntcheu nkudzalumbira pambuyo pake, imene yauzidwa kuti ufulu wosankha wokwatirana naye ndi wa olemera. Mu 2015 ofesi yoona za ana ku England idawerengera kuti ana osachepera 15,000 adali atakhudzidwa ndi lamuloli, ambiri akukula ndi kholo limodzi, linalo akulionera pa kompyuta. Mu Febuluwale 2017 bwalo lalikulu koposa la dzikolo lidati muyesowo sutsutsana ndi malamulo, koma lidapeza kuti malamulowo sadasamale mokwanira za ubwino wa ana. Chinthu chingakhale chololedwa ndi lamulo nkukhalabe chonyansa; ife a kuno sitifunika kuphunzitsidwa zimenezo.

Kukayikira maukwati a anthu akuda ndi a ku Asia si matenda atsopano kumeneko. Mu 1948 Seretse Khama wa ku Bechuanaland adakwatira Ruth Williams, mkazi wa ku London. Boma la Britain, poopa kukwiyitsa South Africa, lidamchotsa pa ufumu nkumuletsa kukhala kwawo mpaka 1956. Mu 1979 zidaululika kuti pa bwalo la ndege la Heathrow akazi ena ochokera ku India ndi maiko oyandikana nalo adali kuwapima unamwali asanawalole kukakomana ndi amuna owatomera. Kufikira 1997 padali lamulo loti wofuna kulowa atsimikize kuti cholinga chachikulu cha ukwati wake si kulowa m'dzikomo. Chikwapu chimangosintha mtundu. Kale chidali cha khungu, tsopano ncha thumba. Koma pamene Mary Livingstone adabwera kudzatsata mwamuna wake mu 1862, nkumwalirira pa Shupanga m'mbali mwa Zambezi, ndi mfumu iti idafunsa David Livingstone kuti amalandira zingati pa chaka? Omwewo amene adatiphunzitsa kuti ukwati ngwopatulika ndiwo lero akuugulitsa pa windo.

Ife Amalawi fungo limeneli tiyenera kulizindikira msanga, chifukwa lidatinunkhira kale. Theba ndi Mthandizi adatenga azigogo athu kunka nawo ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Halale. Adafuna msana ndi manja. Mkazi ndi ana adati atsale kumudzi. Amuna adagona m'makomponi a amuna okhaokha, akazi adakalamba akulima okha, akuyang'ana kumsewu. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Kudayambanso mu 1977 nkudzatha mu 1988. Tidaganiza kuti nkhani yatha. Koma kuyambira Januwale 2024 ophunzira ambiri a kunja ku Britain adaletsedwa kutenga mabanja awo, kupatula a maphunziro a kafukufuku ndi olipiriridwa ndi boma. Kuyambira Malichi 2024 osamalira nkhalamba ndi odwala adaletsedwanso chimodzimodzi. Mu Novembala 2023 ife tomwe tidakweza ndege achinyamata oposa 200 kuti akagwire ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati. Theba sadafe, abale. Adangovala tayi, nkuphunzira kulemba mafomu pa intaneti.

Gulu loyamba lija, la okwera ndege mumtima, limvetsetse chinthu china. Ngakhale malowolo ataperekedwa, viza nkutuluka, wolowa pa dzina la mnzake walowa chikamwini chimene sichidaonekepo kwathu kuno. Kwa zaka 5 kukhala kwake m'dzikomo kwapachikika pa ukwatiwo ngati chipewa pa msomali. Banja likatha, lamulo lifuna kuti boma liuzidwe, ndipo viza ingafupikitsidwe. Kumudzi mkamwini wozunzidwa adali ndi kothawira: adali ndi nkhoswe wake, adali ndi njira ya kwawo yoyenda ndi miyendo. Uku nkhoswe ali pa mtunda wa tsiku lathunthu pa ndege. Nzoona kuti lamulo lidasiya khomo lotulukira ozunzidwa m'banja, koma khomo limathandiza amene akulidziwa ndiponso ali ndi umboni m'manja. Ganizirani za mwamuna kapena mkazi amene pa mkangano uliwonse wa mchere ndi sopo amakumbutsidwa kuti, "Udabwera kuno chifukwa cha ine." Mphamvu yotereyi siyenera kukhala m'manja mwa munthu aliyense, ngakhale wokoma mtima bwanji. Kwa eni kulibe mkuwe.

Tsono nditembenukire kwa inu a gulu lachiwiri, alaliki a "abwerere". Mawu anu ngokoma ndipo sakudyerani kanthu. Koma mudawerengapo chimene mukumuuza mnzanuyo kuti ataye? Wochoka zaka 5 zisanakwane, akadzafuna kubwerera ayambiranso pa chiyambi, ndalama zonse zija zitapsa. Wokhala ndi chilolezo chokhazikika amene sadatenge unzika, akakhala kunja kwa Britain zaka zopitirira 2, chilolezocho chimafa. Penshoni ya boma la kumeneko imafuna zaka zosachepera 10 za kusonkha kuti munthu alandireko kangachepe, ndipo wokalandirira ku Malawi sakwezeredwa chaka ndi chaka monga anzake otsala komweko; imauma pamene idayambira. Kuno akubwerako nkotani? Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasintha mapaundi ake onse mu 2021 nkuwasunga m'banki ya kuno pokonda dziko lake, adalangidwa chifukwa cha chikondicho. Onjezanipo mizere ya mafuta imene tidagonapo m'zaka zimenezi, mankhwala osowa m'zipatala, ndi ntchito zimene zimalengezedwa m'nyuzipepala mwini wake atapezeka kale.

Ndipo tinene mosabisa. Pakati pa ofuula kuti abwerere pali ambiri amene mwezi ukatha amatumiza uthenga woti fizi yavuta, feteleza wakwera, denga likudontha. Pali aphunzitsi athu ena amene m'kalasi amatiphunzitsa za kuipa kwa utsamunda, usiku nkumakonza makalata ofunsira ntchito ku mayunivesite a atsamunda omwewo. Sindiwadzudzula pofuna kupita. Ndiwadzudzula posandutsa kukhala kwawo kuno, kumene nthawi zina nkulephera chabe kupeza viza, kukhala ulemu wa pa chifuwa. Kukonda dziko kwa munthu amene sadayesedwepo ndi tikiti m'manja sikunayezedwe.

Nanga chipata chathu nchotani? Tisanatukwane Mangalande tidziyang'ane. Lamulo lathu la unzika la 1966 lidapatsa mkazi wachilendo wokwatiwa ndi Mmalawi njira yolembetsera unzika, koma mwamuna wachilendo wokwatira mwana wathu wamkazi silidampatse njira yomweyo, m'dziko limene mitundu yambiri mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi! Kwa zaka zopitirira 50 Mmalawi wamkulu wotenga pasipoti ya dziko lina adayenera kutaya ya kwawo. Nyumba ya Malamulo idavomereza unzika wa maiko awiri mu Disembala 2018. Anzathu adatitsogolera. Ku Botswana, Unity Dow adapambana mlandu mu 1992 wotsutsa lamulo lomana unzika ana a mkazi wokwatiwa ndi mlendo. Ku South Africa, pa mlandu wa Dawood mu 2000, bwalo la malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kulekanitsa okwatirana mwa kungofuna kwa kalaliki nkunyoza ulemu wa munthu. Ife mu 2022 tidakhwimitsa lamulo la malo kuti osakhala nzika asagulitsidwe malo, ndipo zifukwa zake nzomveka. Koma tidaganizirapo za mlamu wathu wa ku Jamaica kapena wa ku Poland amene wasiya zonse kutsata Mmalawi wake? Mukati "abwerere", mukunena munthu mmodzi. Koma ukwati ndi anthu awiri, ndipo kwanu kwa mmodzi nkwa eni kwa mnzake.

Koma chingwe chachikulu chimene chimamanga munthu kunja si viza, si penshoni, si kwacha. Ndi funso limodzi limene ife otsala tidalinola ngati mpeni: "Wabwera ndi chiyani?" Machona a kale sadachone onse chifukwa chokonda Bulawayo kapena Johannesburg. Ambiri adachona chifukwa anzawo adabwera ndi njinga, galamafoni, jekete ndi bulangete, pamene iwo adalibe cholowera nacho m'mudzi masana. Adati ndidikire chaka chimodzi ndikonzeke, chaka chidabala chinzake, mpaka manda. Lero njinga idasanduka galimoto, bulangete lidasanduka nyumba ya mpanda ku Area 47 kapena ku Namiwawa, koma funso ndi lomwe lija. Dr Banda adakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo pa 6 Julayi 1958 adalandiridwa pa Chileka ndi khamu la anthu, chifukwa adabwera ndi udokotala. Wobwera ndi sutikesi imodzi ndi mkazi wake pambali timamlandira ndi manong'onong'o: "Amuthamangitsa. Zamukanika." Chotero mwamuna amasankha kukhala m'kachipinda kozizira ku Luton, akugwira ntchito ziwiri kuti afike pa £29,000, mkazi ali ku Chilomoni akulera mwana amene bambo wake amamdziwa ngati nkhope ya pa foni, osati chifukwa moyo umenewo ukukoma, koma chifukwa kuseka kwathu nkowawa koposa chisanu. Boma la Britain lidamanga mpanda. Minga ya pamwamba pake tidaikapo ndife.

Maganizo anga tsono ndi awa, ndipo amene akutsutsa atenge cholembera ayankhe m'tsamba lomweli. Sindinena kuti aliyense abwerere. Pali banja la mwana wodwala matenda amene kuno mankhwala ake kulibe. Pali amene atsala ndi miyezi yowerengeka kuti zaka 5 zikwane. Amenewo kubwerera lero kungakhale kutaya nkhwangwa ndi mpini womwe. Koma ndikunena kuti kulekana kopanda tsiku lothera si ukwati, ndi umasiye wa anthu amoyo. Banja lililonse lolowa m'njira imeneyi liike malire lisananyamuke: tikapanda kukhala pamodzi pofika mwezi wakuti wa chaka chakuti, wakunjayo abwerera, kapena tonse tifuna dziko lina lotilandira awiri. Malirewo anenedwe pamaso pa ankhoswe, monga m'mene timanenera za kumene banja likakhale. Nkhoswe wa masiku ano amene safunsa za viza sadagwire ntchito yake. Ndipo tsikulo likafika masamu asanakwane, pepala ligonje, munthu apambane. Viza ingapemphedwenso, zaka zimene mwana adaphunzira kuyenda ndi kulankhula bambo kulibe sizipemphedwanso ku ofesi iliyonse.

Kwa inu amene mwatomerana pano pa sukulu, wina ali ndi kalata ya sikolashipu m'thumba: werengani malamulo a dziko mukupitalo musanagule mphete, ndipo muwerenge nonse awiri, chifukwa amasintha ngati mitambo ya pa phiri la Zomba. Amene watsalayo asasiye ntchito kapena maphunziro ake podikira kuitanidwa. Amene wapitayo asalumbire kuti "miyezi itatu yokha" asanaone payisilipi yake yoyamba. Kwa inu aphunzitsi a malamulo ndi a mbiri yakale: tidalemba mabuku ambiri za Theba atatha, za Theba watsopanoyu tilembe akadali moyo, ndipo tiunikenso malamulo athu kuti mlamu wachilendo apeze mpando pakhomo pano. Kwa boma lathu, limene limakonda kutchula ubale wakale ndi Scotland ndi Commonwealth pa madyerero: ubale umene sungatchule za mabanja olekanitsidwa ndi ubale wa pa chithunzi.

Ndipo kwa tonsefe, ntchito yathu njochepa koma njovuta: tikwirire funso lija. Wina akatsika ndege pa Chileka kapena pa Lumbadzi ali ndi sutikesi imodzi, atagwira dzanja la mkazi wake kapena mwamuna wake, tisasuzumire m'chikwama. Wabwera ndi banja lake lamoyo, chinthu chimene boma lina lidachiika pa mtengo wa £29,000 pa chaka, ndipo iye wakana kuligulitsa. Timpatse madzi akumwa, timfunse za ulendo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo poona kutalika kwa mzere wa ofuna mapasipoti pakati pathu, mawalo silili kutali.